Mabotolo Amene Chibesa Anathiramo Madzi

Ku Kabwata, kuseri kwa msika, kunali nyumba imene makolo ankaitchula akafuna kulangiza ana awo. Inali ya Ba Nicodemus Mukuka, mmisiri wa matabwa amene anabwera ku Lusaka kuchokera ku Luapula dziko litangolandira ufulu, bokosi la zipangizo lili paphewa. Mabenchi a m'tchalitchi chawo anakhoma ndi iwowo, ndipo patapita zaka mpingo unawasankha kukhala mkulu. Akazi awo, Ba Virginia, ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde. Mwana wawo woyamba anali Chibesa, choncho anansi ankawaitana bashi Chibesa ndi bana Chibesa, kutanthauza bambo a Chibesa ndi mayi a Chibesa, monga mwa mwambo wa kwawo.

Chibesa anali mtsikana wanzeru, wa mawu okoma m'kwaya, wosachedwa kutumika. Atamaliza sekondale anapeza ntchito pa kiliniki ina yaing'ono cha ku Chelstone. Ntchito yake inali kukhala pazenera, kupereka mapiritsi kwa odwala ndi kusamala chipinda chosungiramo mankhwala. Tsiku loyamba, asanathamangire basi, bambo ake anamugwira pamutu ndi manja awo okhakhala namupempherera kuti anthu akam'dziwe ndi kukhulupirika.

Zinali zaka zija za mizere. Shuga ankasowa, sopo ankasowa, mafuta ophikira amene aliyense mu Lusaka ankawatcha saladi ankangomveka mbiri. Munthu akaona mzere ankayamba waima kaye, kenako n'kufunsa chimene chikugulitsidwa kutsogoloko.

Loweruka lina Chibesa anaima pamzere wa saladi mumsewu wa Cairo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Achinyamata a chipani ankayendayenda ndi zikoti, akulowetsa anzawo kutsogolo. Patatsala anthu atatu kuti Chibesa afike pakhomo, wogulitsa anatuluka n'kulengeza kuti saladi watha. Akutembenuka misozi ili lengelenge, anamva wina akumuitana dzina kuchokera m'galimoto yoyera. Anali Barbara, mnzake wa kusekondale, amene tsopano anali atakwatiwa ndi munthu wamalonda ku Kabulonga.

"Uli shani, Chibesa? Manje iwe, na sukulu yonse ija, ukali kuimilila pa dzuwa monga mbuzi? Lowa."

Barbara anamutengera kwawo. Kunali mpanda wautali, mlonda pageti, ndi chipinda chodzaza ndi zonse zimene mzinda unkazisowa. Anamupatsa botolo la saladi, sopo ndi shuga, osafuna kanthu. Pomuperekeza ndi pamene anatchula, ngati nkhani yongodutsa, kuti mwana wa wantchito wake akudwala malungo ndipo mapiritsi akusowa m'tauni monse. Anafunsa ngati Chibesa sangamupezereko pang'ono chabe.

Lolemba Chibesa anakulunga mapiritsi m'kapepala n'kuwaika m'chikwama. Pobwerera ankayembekeza kuti basi igubuduzika kapena wina amugwira paphewa. Basi inafika bwino, ndipo panalibe amene anamufunsa kanthu.

Mlungu wotsatira Barbara anapemphanso, koma za mwana wa wantchito sanatchulenso. Kenako anapempha paketi yathunthu, kenako chitini cha mapiritsi. Anamuuza poyera kuti mwamuna wake amatumiza mankhwalawo kumalire, kumene anthu amawalimbirana. Chibesa atanena kuti akuopa, Barbara anaseka.

"Uopa ndani? Bonse bamene uona na galimoto muno mu Lusaka bali na kumene bamadyela. Mbuzi imadya pamene baimangilila. Iwe bakumangilila pa mankhwala, manje ufuna kufa na njala?"

Kunyumba ya ku Kabwata kunayamba kufika zinthu zimene anansi sankaziona. Ba Virginia analandira botolo loyamba la saladi ndi chimwemwe, lachiwiri mwakachetechete. Botolo lachitatu analisiya patebulo osalikhudza, namufunsa mwana wawo kumene zinthuzi zikuchokera. Chibesa anati ndi mphatso za mnzake.

"Mnzako ameneyo wam'patsa chiyani iwe?" anatero Ba Virginia, osachotsa maso pa makina osokera. "Ine ndakhala m'tauni muno zaka makumi awiri. Sindinaonepo mphatso yobwera mlungu ndi mlungu yopanda chingwe kumchira. Tenga saladi wako. M'nyumba muno tidya ndiwo zofutsa mpaka undiuze zoona."

Chibesa anapsa mtima. Ananena kuti iye akuvutikira banja lonse ndipo m'malo momuthokoza akumuyesa mbava. Anamenyetsa chitseko, chinthu chimene sichinachitikepo m'nyumbamo.

Ku kiliniki nako zinthu zinayamba kuoneka. Sista Josephine, namwino wamkulu amene ankayang'anira pamalopo, anazindikira kuti mashelufu akuyera msanga kuposa mmene odwala akubwerera. Chibesa sanamuganizire n'komwe, pakuti anali mwana wa mkulu wa mpingo, woyamba kufika ndi wotsiriza kuchoka. Maso onse anagwera Ba Jethro, bambo wachikulire wa ku Katete amene ankasesa ndi kunyamula makatoni kulowetsa m'chipindamo. Atafunsidwa, Ba Jethro anangoti iwo sanabe. Atafunsidwa ngati akudziwa wakuba, anayang'ana pansi osayankha. Sista anatembenukira kwa Chibesa namufunsa ngati anawaonapo ali okha m'chipinda cha mankhwala, ndipo Chibesa anati inde, kangapo.

Anawachotsa ntchito Lachisanu. Chibesa poweruka anawapeza atakhala pamwala pafupi ndi pokwerera basi, ovololo yawo yakale ataipinda m'kajumbo. Anafuna kuwalambalala, koma anamuitana ndi mawu ofatsa.

"Mwana wanga, ndinakuona tsiku lija unaika chitini m'chikwama. Ndinakuonanso kawiri pambuyo pake. Sindinanene, chifukwa ndinati mwana uyu ngwa m'nyumba yabwino, tsiku lina adzanena yekha. Ntchito yanga yapita, basi, Mulungu adziwa chimene ndidye. Koma iwe usamayese kuti poti kumwamba kuli zii ndiye kuti kulibe akuona. Mulungu akukudikira kuti ubwerere. Bwerera msanga, chinthuchi chisanadye munthu."

Chibesa anawasiya pamwalapo. Anakwera basi, ndipo masiku atatu sanadye bwino. Lamlungu anakhala kumbuyo m'tchalitchi, ndipo pamene mbusa anaitana olemedwa mtima kuti abwere kutsogolo, miyendo yake inafuna kunyamuka. Anayang'ana bambo ake atakhala pampando wa akulu, naganiza za manyazi amene angawagwere, nadziuza kuti adzapita Lamlungu linalo. Lamlungu linalo mantha anali atachepa. Mwezi usanathe, Sista Josephine anamuyamikira pamaso pa onse chifukwa cha khama lake. Apa ndi pamene Chibesa anayamba kulingalira kuti Mulungu akanakhala wokwiya bwenzi ataonetsa kale. Iye anali kunenepa, khungu likusalala, nsapato zili zatsopano, pamene Ba Jethro opempherawo ndi amene anali pamsewu.

Posafuna kumva mafunso a mayi ake, anasamuka. Barbara anamupezera kachipinda kuseri kwa nyumba ya achibale ake ku Woodlands. Ba Nicodemus anamuthandiza kunyamula sutikesi mpaka pamsewu. Sanamukalipire. Anangomuuza kuti sakudziwa chimene akubisa, koma akudziwa kuti chilipo, pakuti mwana wawo wasiya kuwayang'ana m'maso. Anati khomo la ku Kabwata silidzatsekedwa, koma asazengereze, chifukwa chiswe chikalowa m'thabwa kunja kumaoneka bwinobwino mpaka tsiku limene munthu adzakhalirepo. Chibesa anati amva, ndipo kuyambira pamenepo kutchalitchi anasiya kupita.

Ba Jethro atachoka, Sista ankalowa m'chipinda cha mankhwala m'mawa uliwonse kuona ngati mashelufu ali odzaza. Kutenga chitini sikunali kotheka. Chibesa anauza Barbara kuti zatha, ndipo mumtima anamva ngati wapepukidwa. Koma Barbara anali ndi nzeru ina. Mankhwala obaya a malungo ankabwera m'mabotolo a chivindikiro cha labala, ndipo ankaoneka ngati madzi. Munthu akanatha kuwapopa ndi singano, kuwathira m'botolo lina, n'kubwezeramo madzi owiritsa, botolo n'kukhala pashelufu ngati silinakhudzidwe.

Chibesa anakana. Anati kuba piritsi ndi kwina, koma kubaya wodwala madzi n'kupha.

"Ndani akamba zopaya?" anatero Barbara. "Uzaika mabotolo ya madzi kumbuyo. Katundu wina akabwela, uzayataya. Palibe azabayiwa. Koma ngati ufuna kuleka, leka. Niuze chabe kuti chipinda chija uzachokamo liti, na kuti Sista wako nimuuze ine olo uzamuuza weka."

Anachita zimenezi nthawi ya nkhomaliro, Sista atapita kukadya. Anayamba ndi botolo limodzi, nalikankhira kumbuyo kwenikweni kwa shelufu. Pofika Khirisimasi mzere wonse wakumbuyo unali madzi. Ankadzitonthoza kuti katundu watsopano afika mu Januwale. Januwale anafika ndi mvula yambiri ndi udzudzu, koma galimoto ya mankhwala sinabwere. Odwala malungo anadzaza pakhonde la kiliniki, ena atagona pansi. Mabotolo abwino akutsogolo ankatha limodzi ndi limodzi, ndipo m'mawa uliwonse Chibesa ankaona mzere wa madzi ukuyandikira dzanja lake. Tsiku lililonse ankati lero ndinena, ndipo tsiku lililonse dzuwa linkalowa asananene.

Mu Febuluwale, Lachiwiri lina, botolo labwino lotsiriza linatha. Tsiku lomwelo anabwera Ba Christine, mayi wogulitsa tomato pamsika wa Chelstone, atabereka mwana wawo Emmy, wa zaka zinayi. Thupi la mwanayo linali ngati mbaula, ndipo ankasanza chilichonse, moti mapiritsi sakanakhala m'mimba. Sista anatambasula dzanja pakhomo la chipinda napempha botolo. Chibesa anatenga botolo limodzi mwa a madzi aja n'kulipereka. Anamva kulira kwa mwanayo pamene singano inalowa, namvanso mayi akumutonthoza kuti alimbe mtima, mankhwala alowa, achira tsopano.

Lachitatu Ba Christine anabweranso. Emmy sankaliranso, maso anali atalowa, mutu uli lende paphewa la mayi ake. Anamubayanso kuchokera m'botolo lomwelo. Masana Chibesa ananama kuti akudwala mutu, nathamangira m'tauni. Analowa m'masitolo onse a mankhwala amene ankawadziwa, ndipo kulikonse anamuuza kuti obayawo anatha kalekale. Anakwera basi ya ku Kabulonga. Mlonda anamuimika pageti nthawi yaitali Barbara asanatuluke. Chibesa anagwada pafumbi, napempha botolo limodzi lokha mwa aja anapereka. Barbara anati onse anapita kumalire mlungu watha.

"Bana bamafa masiku yonse na malungo, iwe. Ndani azaziba? Nkala chabe zii. Ukakamba, uzagwa weka. Ine sinikuziba."

Geti linatsekedwa. Panali patatsala njira imodzi, ndipo Chibesa ankaidziwa: kubwerera ku Chelstone dzuwa lisanalowe, kukauza Sista zoona, kuti mwanayo amutumize kuchipatala chachikulu nthawi idakalipo. Anafika pokwerera basi, naona basi ya ku Chelstone ikudzaza. Anaganiza za apolisi, za bambo ake, za anthu a ku Kabwata akuloza nyumba yawo. Anadziuza kuti ana ena amachira okha. Anakwera ya ku Woodlands.

Lachinayi m'mawa Emmy anabwera akukomoka, thupi likugwedezeka. Sista anaimitsa galimoto ya munthu wodutsa kuti iwathamangitsire kuchipatala chachikulu m'tauni. Mwanayo anatsirizika m'njira, ali pamiyendo ya mayi ake. Sista atabwerera anakhala pansi atagwira tsaya, nanena kuti zimene ankamva n'zoona, malungo a masiku ano asiya kumva mankhwala. Onse anavomereza. Palibe amene anayang'ana Chibesa.

Maliro atatha, Ba Christine anabwera ku kiliniki atavala zakuda, atanyamula kambale ka tomato. Anati abwera kudzathokoza, pakuti anaona mmene onse anavutikira ndi mwana wawo. Anafika pazenera, nagwira dzanja la Chibesa ndi manja awo onse awiri.

"Munayesetsa, mwana wanga. Mankhwala munapereka. Kungoti nthawi yake inakwana."

Chibesa anathawira kuchimbudzi n'kusanza. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichinkatsika. Akatseka maso ankaona kamutu ka Emmy kali lende. Anayesa kupemphera, koma analephera. Ankaganiza kuti tsopano Mulungu wamutaya ndithu, ndipo ankangodikira kuti chilango chigwe. Chilango sichinagwe. Dzuwa linkatuluka monga kale, odwala ankamupatsa moni mwaulemu, ndipo kukhala chete kumeneku kunamuwawa kuposa chikoti.

Lolemba lotsatira kunabwera bambo wina atanyamula khanda lotentha thupi, mkazi wake akulira pambuyo. Sista analiyeza, nafika pakhomo la chipinda cha mankhwala, natambasula dzanja monga mwa masiku onse. Chibesa anatenga botolo pashelufu. Linali lozizira m'dzanja lake. Anayang'ana khandalo, nayang'ana dzanja la Sista likudikira. Sista anamuuza kuti afulumire.

"Sista, musabaye," anatero Chibesa. "Muli madzi. Onse atsalawa ndi madzi. Ndinathiramo ndine. Emmy munamubaya madzi. Ba Jethro sanabe kanthu."

Sista Josephine anatenga botolo, napopa pang'ono, nadontheza palilime. Mankhwala a malungo amawawa kuposa ndulu. Ichi chinalibe kukoma kulikonse. Anatuluka panja, naimitsa galimoto, nakweza makolo aja ndi khanda lawo kuti apite kuchipatala chachikulu. Khandalo linachira. Atabwerera anatseka chitseko, nakhala pampando, nalira ngati kuti wolakwa ndi iye, pakuti dzanja limene linabaya Emmy linali lake. Kenako anatuma uthenga kupolisi.

Ba Nicodemus anafika kupolisi utuchi udakali pamalaya. Wapolisi anawafotokozera zonse ali chiimire. Atawalola kuona mwana wawo, Chibesa anabisa nkhope, nawauza kuti abwerere kunyumba, amuiwale, pakuti munthu wopha mwana alibenso malo kwa Mulungu kapena kwa anthu.

Bambowo anakhala pabenchi, namuyankha.

"Chimene wachita n'choipa kwambiri, ndipo sindichichepetsa. Mwana wa eni ake ali m'manda. Ukaima pamaso pa woweruza ukanene zonse, usasiyeko kanthu, ndipo chimene akagamule ukachisenze. Koma usawonjezere bodza lina pa mabodza akowo ponena kuti Mulungu wakutaya. Akanakutaya, pakamwa pako sipakanatseguka lero. Gwada apa."

Anagwada pasimenti ya kupolisi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri Chibesa anatchula machimo ake ndi mayina awo, limodzi ndi limodzi, mpaka anafika pa dzina la Emmy.

Kukhoti anavomera mlandu, ndipo anamulamula kukhala kundende zaka zinayi. Barbara anakana kuti sakumudziwa, kunyumba kwake sikunapezeke kanthu, ndipo anapitiriza kuyenda m'galimoto yake yoyera. Ba Nicodemus anatula pansi udindo wa mkulu wa mpingo, ngakhale ambiri anawaletsa. Makolo ena anasiya kubweretsa nsalu kwa Ba Virginia. Ba Jethro anapezeka ku Makeni akulondera famu ya munthu, chifuwa chitawagwira chifukwa chogona panja. Atamva kuti dzina lawo layera anagwedeza mutu, nati akanadziwa kuti kudikira kwawo kudzathera pa mwana, bwenzi atanena tsiku loyamba lomwe lija. Mphamvu zobwerera kuntchito analibenso.

Chibesa anatuluka kundende ataonda, wofatsa, wosalankhulalankhula. Mayi ake anamulandira pakhonde namuphunzitsa kusoka. Patapita milungu iwiri anakwera basi ya ku Chelstone yekha. Anawapeza Ba Christine pamalo awo akale pamsika, akuunjika tomato. Anagwada pamatope, anthu akuona, nanena kuti iye ndi Chibesa, ndipo wabwera kudzapempha chikhululukiro chimene akudziwa kuti sakuyenera.

Ba Christine anasiya kuunjika tomato, namuyang'ana.

"Ndakuzindikira. Emmy bwenzi pano ali giredi fili. Ngati Mulungu wakukhululukira, zimenezo n'zake, ndipo sinditsutsana naye. Ine sindinafikepo. Ndimapempha kuti ndidzafikepo, koma sindinafikepo. Nyamuka, pita."

Chibesa ananyamuka n'kupita, ndipo sanawadandaule. Ankadziwa kuti iye anadikiridwa nthawi yaitali, ndipo analibe chifukwa chofulumizira mayi amene anam'landa mwana.

Inu amene mukuwerenga, makamaka achinyamata, mverani. Mulungu ngwoleza mtima, ndipo safuna kuti wina atayike. N'chifukwa chake salanga tsiku lomwelo. Amatuma mayi, amatuma bambo, amatuma munthu wonyozeka wa pamsewu, amagogoda mumtima Lamlungu ndi Lamlungu. Koma masiku amene amakupatsani ndi oti mulape, osati oti muwonjezere. Mukaba lero osagwidwa, musanene kuti zayenda. Nenani kuti mwachitiridwa chifundo, ndipo bwererani lero lomwe. Chibesa analapa ndipo Mulungu anamulandira, pakuti salandira okhawo obwera msanga. Koma akanalapa pa mawu a mayi ake, bwenzi zitathera pa manyazi. Akanalapa pokwerera basi paja, bwenzi mwana atapulumuka. Tchimo limene mukulisunga kuti mudzalape mawa silikugona, likukula, ndipo kawirikawiri amene amalilipira ndi munthu wosalakwa. Chikhululukiro chinabweza Chibesa kwa Mulungu ndi kwa makolo ake, koma Emmy sichinamubweze kwa mayi ake.